Chitseko Chakuda cha ku Kanyama

M'mawa umene akulu a mpingo anakhoma loko pa tchalitchi, Ndaona Kachingwe anali ataima m'madzi ofika m'maondo, atanyamula bolodi lomwe linali litafufuma ngati buledi wonyowa. Kumbuyo kwake kunali ana a sukulu yake, ena atakwera pa mabuloko, ena atabereka azing'ono awo. Inu amene mumati zanu ndiye zafika povuta, yambani mwamva izi.

Mvula ya ku Kanyama ilibe manyazi. Pansi pa komboni imeneyi ya mu Lusaka ndi mwala wokhawokha, madzi amasowa kolowera, ndiye amalowa m'nyumba za anthu osaodira n'komwe. Chaka chimenecho anafika mpaka m'tchalitchi momwe Ndaona ankaphunzitsira ana amene anasowa malo m'sukulu zina. Mabuku anasanduka phala, choko chinasungunuka m'katoni.

"Ba ticha, sukulu yasila," anatero a Chisala, wapampando wa akulu a mpingo, akuponya kiyi m'thumba la jekete. "Bauzeni bana bayende ku nyumba. Tizaona mvula ikasila."

"Ikasila muzatisegulila, batate?" anafunsa Ndaona.

"Ikasila tifuna kufaka matailosi. Bana banu baononga mabenchi maningi. Elo tikambe zoona ba Ndaona, imwe muli na pepa ya uticha? Giledi naini munapasa?"

Funso limenelo linamulasa pamtima, chifukwa yankho lake aliyense ankalidziwa. Giledi naini analephera, anabwereza, n'kulepheranso. Anawerama, manyazi atamugwira pamaso pa ana ake omwe. Koma chimene chinamuwawa koposa sichinali cha pepalacho ayi. Anali mawu aja akuti mvula ikatha, pakuti anali atawamvapo kale ali mwana, ndipo ankadziwa kumene amathera.

Bambo ake, a Dixon Kachingwe, anabadwira ku Matero, mu Lusaka momwemo, mdzukulu wa anthu aja anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji. Mpingo unawatuma kukakhala mishonale kuchigwa cha Luano, pa mudzi wa Kapyanga. Kumeneko galimoto inkathera pamwamba pa phiri, kotsalako munthu ankatsika ndi miyendo yake, katundu ali pamutu. Kunali kashembe, kunali malungo, ndipo njovu zinkakolola chimanga eni ake akuyang'ana. Ndaona anakulira komweko, mankhwala ali kutali, mchere ukusowa miyezi.

A Dixon atafika anapeza kuti mabaibulo amene anasenza aja palibe angawawerenge. Anati ulaliki uyambira pa a, e, i, o, u. Bolodi analibe. Chinthu chokhacho chosalala m'dera lonselo chinali chitseko cha nyumba ya mishoni, cha mlombwa, cholemera bwino. Anachizula, nachipaka makala osinja osakaniza ndi masamba a mbatata mpaka mbali yam'kati inada bii. Choko chawo chinali makaka, chinangwa chouma chija. Belu linali khasu lakutha lomwe ankalimenya ndi msomali.

Akazi awo, amayi Magdalene, anadandaula kuti nyumba yopanda chitseko ndi khola. Anagwirizana kuti chitsekocho chizichoka m'mawa n'kubwerera madzulo. Tsiku ndi tsiku a Dixon ankachisenza kupita nacho pansi pa mkuyu. Mtsinje ukasefukira mpaka pamkuyupo, ankachikweza pa chulu. Chulu chikazingidwa, ankapita nacho pa khonde la munthu aliyense amene kwake kunali kouma, kaya ndi wopemphera kaya ndi wofulula mowa.

"Ndaona mwana wanga," ankatero a Dixon akupukuta thukuta, "sukulu sitsekedwa. Imasamuka basi."

Anamwalira m'dzinja, mtsinje utadzaza, anthu atalephera kuwaolotsa kupita nawo kuchipatala. Akuluakulu a mpingo amene anabwera kudzapepesa anati sukulu iyambe yaima, mvula ikatha atumiza mphunzitsi wina. Mvula inatha, ina inabwera, inathanso. Mphunzitsi sanaoneke. Atsikana amene Ndaona ankakhala nawo pansi pa mkuyu anakwatiwa mmodzimmodzi asanakhwime n'komwe, anyamata analowa m'tchire kukaotcha makala.

Amayi Magdalene pochoka kuchigwako anasiya mipando, anasiya mtondo, koma chitseko anakana kuchisiya. Chinakwera phiri pamitu ya anthu, chinakwera lole ya thonje, mpaka chinafika ku Matero. Achibale anaseka mpaka kugwira nthiti: mayi wamasiye uyu wabwera ndi chitseko, nyumba yake ili kuti? Ndaona analowa sukulu ya m'tauni ali wamkulu kale, akusekedwa kalankhulidwe, akujomba kuti athandize amayi ake kuchapa zovala za anthu. Umo ndi mmene giledi naini inamukanira. Amayi ake atamwalira anasamukira ku Kanyama, kumene anapeza kachipinda kosamaliza kumanga, kopanda chitseko. Anaikapo cha bambo ake, mbali yakuda ija ili m'kati. Anayamba kugulitsa zitumbuwa, ndipo ana oyendayenda amene ankazungulira beseni lake ndi amene anadzakhala ophunzira ake oyamba.

Tsopano tchalitchi chitatsekedwa, sipanatenge nthawi kuti ana aja amwazikane. Anyamata anakaima pamsewu wosefukira, kubwereketsa majombo kwa anthu opita ku tauni. Ena anatumidwa kukagulitsa mapulasitiki ku msika. Ndaona ankawaona, iwo n'kumabisa nkhope.

Tsiku lina anapeza Monalisa, mtsikana wamasiye amene anali wakuthwa mutu kuposa onse ndipo ankayenera kulemba mayeso a giledi seveni chaka chomwecho, ataweramira mulu wa miyala, hamala ili m'manja. Ankaphwanya miyala pamodzi ndi azakhali ake, a Ngosa.

"Ba Ngosa, uyu mwana afunika kulemba mayeso," anatero Ndaona.

"Alembele kuti? Mu manzi?" anayankha a Ngosa osadzutsa mutu. "Sukulu ikasegula muzaniuza. Ngati sisegula, sondo ibwela nimupeleka ku komboni ya Ng'ombe. Kuli muzimai afuna kamwana ka nchito. Ine siningadyese munthu wonkala chabe."

Monalisa anakweza hamala. Anangomenya mwala mwamphamvu, misozi ikugwera pafumbi la miyalayo. Ndaona anaona nkhope za anzake a ku Kapyanga pa nkhope imodzi imeneyo, ndipo mantha anamugwira. Mwana akalowa m'nyumba ya anthu kukalera ana awo, ku sukulu sabwererako.

Anafika kunyumba masana, nakhala pa bedi lomwe anali atalikweza pa mabuloko. Atakankha chitseko kuti chitsekeke, maso ake anagwera pa mbali yakuda ija. Zaka zonsezi ankapachikapo thaulo ndi chitenje, osaganizako kanthu. Anachotsa thaulo. M'mizere ya thabwalo munali mukuonekabe timadontho toyera ta makaka a bambo ake. Chisoni chija chinasanduka mkwiyo. Anadzikwiyira yekha, kuti wakhala masiku onsewa akulirira bolodi la pepala pamene bolodi lenileni likumutsekera mphepo.

Anatenga mpeni wa kukhitchini nayamba kumasula mahinjesi.

A Mwewa, mayi woyandikana naye amene ankagulitsa tomato ndi makala, anasuzumira ali kukamwa yasa.

"Ba Ndaona, mwafunta? Muno ni mu Kanyama! Bakawalala bangena na pa chiseko chokhoma, manje imwe muchosa mweka?"

"Chizabwela mumazulo," anatero Ndaona.

"Na vinthu vanu vizabwela mumazulo?"

Ndaona anapitiriza kumasula mahinjesi. Panali funso lina lomwe linkamuvuta: malo ouma ali kuti? Anayenda m'madzi kuzungulira dera lonse, ndipo malo okwera amene anawapeza anali amodzi okha, khonde lalitali la bala ya a Nsama. Mayi ameneyu anachokera ku Kitwe, ndipo mpingo unamudula kalekale chifukwa cha mowa. Bala yake anaimanga pa maziko aatali, masitepe ake ngati a ofesi, kuti mvula isamamusokonezere malonda. Amayi a chigwirizano akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali.

A Nsama atamva pempholo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wa mishonale pa bala yanga? Bazakudyani bamuchalichi, mayo."

"Banidye. Nifuna chabe pouma."

A Nsama anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, namulola kuti azibwera m'mawa. "Kuseni kulibe vidakwa. Koma zuba ikafika pakati, muchoke na bana banu. Sinifuna bamvele vamene vikambiwa apa." Kenaka analoza thumba la chinangwa chouma lomwe linali pakona. "Mwati choko chinasila? Iyo tute youma niocha ya makasitoma. Kwathu ku mushi ba ticha benze kulembela yamene iyo."

M'mawa mwake anthu a ku Kanyama anaona zachilendo. Mayi wamfupi, chitenje atachikwinyira m'chiuno, chitseko cha mlombwa chili pamutu, akuyenda pang'onopang'ono m'madzi akuda. Anyamata a majombo anaimba mluzu. Wina anakuwa kuti ba ticha basamuka na chiseko, nyumba baisiya! Khosi linkamuwawa, mapazi ankaterera pa miyala, koma sanatembenuke. Atafika anachitsamiritsa kukhoma la bala, anachipaka makala, namenya khasu lakutha lomwe anabwereka kwa a Mwewa.

Kunabwera ana ochepa, osadzaza ngakhale ngodya imodzi ya khondelo. Anakhala pa makireti a mowa. Ndaona anawaphunzitsa ngati kuti khonde ladzaza.

Pobwerera masana anapeza zimene a Mwewa ananena. Mbaula kunalibe, mapoto kunalibe, bulangete ndi nsapato zake za Lamulungu zinali zitapita. Ngakhale beseni la zitumbuwa, lomwe linali chakudya chake, analitenga. Anakhala pa bedi lopanda chofunda nalira, osati mwakachetechete ayi, analira mokweza ndi ukali. A Mwewa anaima pakhomo manja ali m'chiuno, koma mawu akuti ndinanena anawameza.

Kutacha Ndaona anatenganso mpeni uja.

"Futi?" anafunsa a Mwewa.

"Manje bazaba chani? Basiliza kudala."

A Mwewa anang'ung'udza, analowa kwawo, natuluka akukoka tebulo lawo la tomato. Analiimika pakhomo penipeni pa Ndaona, nakhala pampando kutseka mpata wonse.

"Sininakambe ati muli na nzelu," anatero. "Nakamba chabe ati apa tomato igulika bwino."

Nkhani inafika kwa akulu a mpingo isanathe sabata. Lamulungu anamuitana pakhonde la a Chisala, poti m'tchalitchi munali mudakali matope. Anamuuza kuti wanyozetsa dzina la mpingo, watengera ana a anthu ku malo a zidakwa, ndipo asankhe: achoke pa bala, apo ayi amuimitsa pa mgonero ndipo avule yunifolomu ya chigwirizano.

Ndaona anagwada monga mwa ulemu, koma mawu ake sanagwade.

"Batate, nipaseni malo youma, nizachokapo lelo lamene. Olo pa khonde panu pano."

A Chisala anayang'ana khonde lawo lopolishidwa bwino, nakhosomola. Akulu enawo anayang'ana nsapato zawo.

"Ngati kulibe, nizankala pamene nili," anapitiriza Ndaona. "Pepa nilibe, ni zoona. Koma bana aba naonso balibe ticha wa pepa. Bali na ine. Atate banga banafela ku chigwa pa nchito ya mpingo uno, elo sukulu yao inafa na mau yamene aya, ati mvula ikasila. Iyi sizafa ine nikali moyo."

Anamuimitsa. Musaganize kuti zinali zopepuka. Bulauzi yoyera imene anavula inali ya malemu amayi ake, ndipo akuba aja anaisiya chifukwa tsiku lija inali pa chingwe kwa a Mwewa. Anaipinda naisunga. Mpingo unali banja lokhalo limene anatsala nalo mu Lusaka, ndipo tsopano amayi amene ankaimba nawo ankamudutsa ngati sakumudziwa. Zinamupweteka kwambiri, koma Lolemba chitseko chinali pamutu.

Tsiku lomwelo ndi limene a Ngosa ananyamuka ndi Monalisa kupita ku Ng'ombe. Njira yokhayo yopita kokwerera minibasi inali ya miyala yopondapo imene inkadutsa kutsogolo kwa bala. Monalisa anali ndi kachikwama ka pulasitiki m'manja. Atafika pamasitepe anaima. Pa chitseko panali samu ya kugawa imene inali itawakanika onse okhala pa makireti.

Mtsikanayo anaika chikwama pansi, anakwera masitepe, natola kachidutswa ka makaka. Analemba yankho, manja ake ali ndi zipsera za hamala, kenaka anakhala pa kireti osayang'ana kumbuyo.

"Iwe Monalisa! Seluka apo!" anakuwa a Ngosa.

Ndaona anatsika sitepe imodzi. "Ba Ngosa, munakamba ati ikasegula nikuuzeni. Yasegula."

"Iyi ni bala!"

"Ni sukulu mpaka zuba ifike pakati."

A Nsama anatulukira pakhomo, tsache lili m'manja. "Ba Ngosa, ine banipeleka ku nchito ya mu nyumba nili na saizi yamene iyo. Onani kwamene ninasilila, nigulisa moba na kutukwaniwa. Musiyeni mwana alembe."

A Ngosa anaima pamwala, madzi akuwazungulira. Sanali munthu woipa, unali umphawi umene unkawakankha. Potsiriza anatola kachikwama kaja.

"Akafeluka mayeso, ni ku Ng'ombe," anatero, nabwerera njira imene anadzera.

Kuyambira pamenepo ana anayamba kubwerera. Anyamata a majombo ankabwera m'mawa, malonda n'kumachita masana. Makolo ena amene ankanyoza anayamba kutumiza ana awo mozemba, kudzera kuseri. Khonde linadzaza mpaka pamasitepe, aang'ono ndi aakulu pa chitseko chimodzi, moti Ndaona ankalemba masamu a giledi seveni kumtunda, a, e, i, o, u kumunsi. Zinali zothinana, ndipo aang'onowo ankangokankhidwa.

Mvula itayamba kuchepa, a Chisala anatulukira kunyumba kwa Ndaona madzulo ena, munthu wa wilibala ali pambuyo pawo. Pa wilibalapo panali chitseko chatsopano cha kwa akalipentala a ku Kalingalinga, chonunkhira utuchi. Sikuti mtima wawo unali utasintha ayi. Chimene chinawatopetsa ndi kusekedwa m'minibasi, kuti mpingo wa a Chisala uli ndi matailosi koma mphunzitsi wake amakhala m'nyumba yoti mbuzi ingalowe.

"Fakani ichi pa nyumba," anatero. "Mwatisebanya pakwana."

Ndaona anagwada, nawomba m'manja. "Zikomo batate. Mulungu akudaliseni."

A Chisala anapita kwawo mtima uli m'malo, poganiza kuti nkhani yatha. M'mawa mwake podutsa pa bala popita ku tauni anaima chilili. Kukhoma kunali zitseko ziwiri. Chatsopano chija chinali chitada bii ndi makala, ana aang'ono atachizungulira, Monalisa akuwalozera zilembo pamene Ndaona anali ndi ana aakulu pa chakale chija. Kunyumba kuja a Mwewa anali pakhomo ndi tomato wawo monga mwa masiku onse.

"Imwe ba Ndaona," anatero a Chisala, "simumvela?"

"Nimvela batate. Munakamba ati bana baononga mabenchi. Apa sibaononga chilichonse."

A Nsama anaseka chikhakhali m'kati mwa bala. A Chisala anayang'ana ana aja, opanda nsapato, atakhala pa makireti a mowa, akutchula zilembo ndi mphamvu zawo zonse. Pakati pawo anazindikira ana a anthu a mumpingo mwawo, ena a akulu anzawo amene anaweruza nawo mlandu uja. Anavula chipewa, anakanda mutu, napisa dzanja m'thumba la jekete.

"Tengani," anatero akuika kiyi ya tchalitchi ija pa kireti. "Tengani, tikalibe kusiliza viseko vonse mu Lusaka."

Ndaona anatola kiyiyo ndi manja awiri. "Zikomo batate. Koma nikuuzilenitu. Manzi yakangena futi, tizabwela pano."

A Chisala anangovala chipewa chawo n'kumapita. Mwezi usanathe anamubwezera pa mgonero, ndipo bulauzi ya amayi ake inatuluka m'mene anaipinda muja.

Monalisa analemba mayeso ndipo anakhoza. Ku Ng'ombe sanapiteko. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, a Ngosa ndi amene analulutira kuposa onse, ngati kuti nzeruyo inali yawo chiyambire. Ndaona naye funso lija la a Chisala silinamuchoke m'mutu. Analembetsanso giledi naini, mayi wamkulu kukhala pa desiki limodzi ndi ana oti akanawabereka, ndipo ulendo uno anakhoza. Anapitirira mpaka giledi thwelofu, kenaka kukoleji ya aphunzitsi, akuphunzira pa holide, masiku ena onse ali ndi ana ake. Zinamutengera zaka zambiri, imvi zinayamba kutuluka pepala lisanafike, koma linafika.

Lero sukulu ija ili ndi nyumba yakeyake, pa malo amene a Nsama anapereka kuseri kwa bala. Makolo anaimanga okha, ndipo Ndaona anaumirira kuti maziko akhale aatali kuposa a bala. Muli mabolodi enieni ndi choko cha m'sitolo. Koma m'kalasi la ana oyamba, chimene chili kutsogolo ndi chitseko cha mlombwa, ndipo Ndaona sanalole kuti achikhomerere kukhoma. Amati chikhale chongotsamira, kuti tsiku lina madzi akadzachita mwano, chidzasenzeke msanga.

Inu amene mwauzidwa kuti dikirani mvula ithe, dikirani zinthu zikhale bwino, dikirani mupeze pepala, samalani ndi mawu amenewo. Ndaona anawamva kawiri. Ulendo woyamba anali mwana, ndipo anamulanda anzake onse. Ulendo wachiwiri anawakana, anaberedwa, anasekedwa, anavulidwa yunifolomu, koma Monalisa sanapite ku Ng'ombe.

Musataye mtima, ndipo musakhale pansi kudikira kuti kuume. Yang'anani bwino m'nyumba mwanumo. Chimene mwapachikapo thaulo chija, chizuleni, muchisenze.